Kubangula kwa Gitala ya Achimwene

Mumsewu mwawo ankawadziwa kuti Mayi Magalasi, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira ntchito mu shopu ya magalasi a maso, kuseri kwa kauntala, pa katebulo kokhala ndi nyale yopindika khosi. Munthu akakhalira magalasi ake, kapena mdzukulu akathyola mwendo wa magalasi a agogo ake, zonse zinkafikira pa katebulo kameneko. Manja awo sankanjenjemera. Kasikuluwu kochepa ngati nsabwe ankakatola kamodzi n'kukalowetsa pamalo pake, uku akufunsa kasitomala za ana kunyumba.

Amuna awo anali ometa anthu, ndipo dzina loti a Lumo linawakanirira mpaka abale awo enieni analeka kulimbana nalo. Loweruka masana akatseka babashopu, a Lumo ankatulutsa gitala yawo yamagetsi n'kukhala pabalaza, nsapato atavula, maso atatsinzina ngati munthu amene dzino likumuwawa. Sanali katswiri, komanso sankathawitsa anthu.

Za timabokosi zinayamba mwangozi. A Lumo anali ndi kabokosi kachitsulo kamene oimba amakatcha pedulo. Kamakhala pansi, pakati pa gitala ndi sipika, ndipo ukakaponda mawu a gitala amasintha. Mwina amakhuthala, mwina amabwerezabwereza ngati munthu akufuula m'nyumba yopanda katundu. Tsiku lina kabokosiko kanangoti zii. A Lumo anakagwedeza, anakamenya pabondo, anakanena mawu amene sitingawabwereze pano, kenako anakaponya m'basiketi ya zinyalala.

Mayi Magalasi anakatola. Sankafuna kukakonza ayi, ankangofuna timasikuluwu take. Koma atatsegula anapeza kamudzi kathunthu, tizipangizo tonga njere za mpunga tokhala ndi mizere yamitundumitundu, tina ta miyendo itatu, tina tonga timigolo, tonse titafola bwinobwino. Kawaya kamodzi kanali katathothoka. M'mawa mwake anabwereka chowotcherera mawaya kwa wokonza mawailesi woyandikana ndi shopu yawo, ndipo panthawi yopuma masana anadonthezera kamtovu pamalopo. Madzulo kabokosi kanadzuka. A Lumo anavina pabalaza, koma mayiwo maganizo awo anali kwina. Ankafuna kudziwa kuti kambewu kofiira kaja katachotsedwa n'kuikapo kabuluu, pangachitike chiyani.

Kuyambira pamenepo wokonza mawailesi uja anaona zakuda ndi mafunso. Mayi Magalasi ankajambula njira za mawaya kuseri kwa maenvulopu oikamo magalasi, ankaonera pafoni anthu ena akupanga, ankapempha mawailesi akufa kuti azikachotsamo zam'kati. Mwana wawo wamkazi atakwatiwa, chipinda chake sichinazizire n'komwe. Bedi linaimikidwa kukhoma, pawindo panabwera tebulo, ndipo zinthu zinayamba kusowa m'nyumba.

"Mayi, chitini changa cha paudala mwachiona?" anafunsa a Lumo.

"Paudala ndakuthirirani m'kapu. Chitinicho chikuimba tsopano. Tapondani mumve."

Zitini za mabisiketi zinapita, kabokosi kosungiramo singano kanapita, ndipo tsiku lina a Lumo pofuna kuwiritsa madzi anapeza kuka yamagetsi yakale yatsala ndi chopotokolera chimodzi chokha. Sanakwiye. Anangotenga pulayala n'kuimangirira pakukapo ndi chingwe kuti isasowenso.

Choseketsa n'chakuti Mayi Magalasi sankatha kuimba gitala ngakhale pang'ono. Ankangodziwa kukoka nsambo yaikulu ija kuti dumm, n'kutchera khutu. Ndiye kabokosi kalikonse kakatha, woyesa anali amuna awo. Anthu awiriwa anali atakhala m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi, nkhani zambiri zinali zitatha, koma tsopano Loweruka lililonse linkawachepera.

Loweruka lina a Lumo anayesa kabokosi katsopano, anakayamikira, kenako anagoneka gitala pamiyendo n'kuyang'ana kudenga.

"Koma mukanatha kupanga mawu a Achimwene," anatero, "ndikanati basi, ndaona zonse."

Achimwene anali mkulu wawo wa a Lumo, wosiyana nawo zaka khumi ndi ziwiri. Paunyamata wawo ankaimba gitala m'maholo a dansi, ndipo a Lumo akadali kamwana ankakhala pansi pa tebulo kumawaonerera akuyeserera. Panalibe kaseti ngakhale imodzi imene inasunga mawu amenewo. Zaka ziwiri zapitazo Achimwene anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime linalemera, ndipo tsopano ankakhala kwa mlongo wawo kutsidya kwa tauni. A Lumo ankapita mwezi ndi mwezi kukawameta, koma za gitala sankazitchula. Ankaopa kutosa chilonda.

"Mawu akewo anali otani?" anafunsa Mayi Magalasi, pensulo ili kale m'manja.

"Gitala ya anthu ena imalira. Ya Achimwene inkabangula. Ngati mkango, koma mkango wodwala chimfine."

"Bambo, chimfine ndichiwotcherera bwanji?"

"Pamwamba pazimveka ngati nsalu ikung'ambika. Koma pansi pakhale bata. Ndipo ukakhudza pang'ono zizimveka zaulemu, ukamenya mwamphamvu zizichita mwano."

Mayi Magalasi analemba zonsezo, mwano womwe.

Kabokosi koyamba kanalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Kachiwiri kanali ngati njinga yamoto ikukwera mtunda. Kachitatu anakagwirira masabata atatu, mpaka chala chawo chamkombaphala chinapsa kawiri, ndipo iwo eni anakhulupirira kuti afika. A Lumo anakaponda, anaimba kanthawi, n'kunena kuti, "Zili bwino kwambiri, mayi. Kwambiri ndithu." Uku akukanda kuseri kwa khutu.

Mayi Magalasi ankakudziwa kukanda kumeneko. Anakuona tsiku limene anasoketsa diresi lobiriwira lija, anakuonanso pamene mkamwini wawo anabwera koyamba atavala ndolo.

"Musandinyengerere ngati kasitomala amene mwamumeta molakwika," anatero. "Nenani kuti sizinafike."

"Zafika pafupi."

"Pafupi ndi kuti?"

A Lumo anausa moyo. "Mwina ndi mutu wangawu. Munthu ukamakula, zaubwana zimakoma kuposa mmene zinalili. Zisiyeni, musadzipweteke nazo."

Mawu amenewa anawapweteka mayiwo kuposa chala chopsa chija. Anazula chowotcherera kumagetsi, anapukuta nsonga yake pa siponji yonyowa, n'kuganiza kuti za kumva kwa wina zakwana. Mwini mawu anali moyo, ndipo basi yopita kumene ankakhala inkadutsa pakhomo pa shopu yawo penipeni.

Lachitatu ankaweruka masana. Anaika tizipangizo tawo ta magalasi m'chikwama n'kukwera basi, osauza amuna awo. Alamu awo, mlongo wa a Lumo, anawalandira pakhomo manja ali thovu lokhalokha.

"Alamu! Pakati pa sabata? Kwagwanji?"

"Kulibe choipa. Ndinaona ulendo watha kuti magalasi a Achimwene akutsetsereka pamphuno. Ndati ndidzawamange."

Achimwene anali pampando wawo wa pawindo, kampira kofinya kali m'dzanja lakufa lija, bulangete lili pamaondo ngakhale kunkatentha. Anali munthu wamtali amene matenda anamupinda koma sanamuchepetse. Mayi Magalasi anawavula magalasi, anamanga timasikuluwu, anapinda miyendo yake pang'ono, anapukuta, n'kuwavekanso.

"Mwandiona tsopano, alamu?"

"Nda... kuonani," anatero Achimwene. Mawu awo ankatuluka limodzilimodzi, ngati munthu akutsitsa katundu wolemera pa lole. "Mwa... kalamba."

"Ndiye kuti magalasi ali bwino," anatero mayiwo, ndipo onse atatu anaseka.

Tiyi atabwera, Mayi Magalasi analimba mtima. Anafotokoza za timabokosi, za chitini cha paudala, za mkango wachimfine. Mlongo uja ankawatsinzinira diso kuti asiye, koma iwo anapitiriza mpaka anafunsa funso limene anabwerera.

"Alamu, munkachita bwanji kuti gitala izibangula choncho? Munali ndi chipangizo chanji?"

Achimwene anaweramitsa mutu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mayi Magalasi anaganiza kuti aliritsa munthu wodwala m'nyumba ya eni. Koma Achimwene atadzutsa mutu, mbali yamoyo ya pakamwa pawo inali itakwera mpaka kukhutu. Ankaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Pe... nsulo," anatero.

"Pensulo?"

Mlongo uja anagwira pakamwa. "Mayo ine! Nkhani ija?"

Anaifotokoza mothandizana, Achimwene akuponya liwu, mlongo wawo akuliwonjezera mnofu. Sipika imene Achimwene ankaimbira inali ya bambo awo, ya pa wailesi yaikulu ya pabalaza, ndipo ankangobwereka. A Lumo panthawiyo anali ndi zaka zinayi. Kamwanako kanatsimikiza kuti m'kati mwa sipika muli kamunthu kamene kamaimba, ndipo kanada nkhawa kuti kamunthuko kakusowa mpweya. Tsiku lina akuluakulu atachoka, kanatenga pensulo n'kuboola pepala la sipika katatu.

"Bambo athu anali munthu wa mkwapulo," anatero mlongo uja. "Atafunsa, awa anati ndine, ndinakweza mawu kwambiri. Anawaletsa kuimba m'nyumba chaka chathunthu. Sipikayo anawaponyera kuti tenga chinyalala chako. Awa anayesa kumata ndi pepala ndi guluu, koma inkangobangulabe."

"Ndinka... dana nawo," anatero Achimwene. "Mawu... oipa. Manyazi."

"Koma anthu ankawakonda!" anatero mlongo uja.

"Anthu... oledzera."

Mayi Magalasi anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. Atapuma anafunsa kuti nanga iwo eni ankafuna mawu otani. Achimwene anayang'ana panja pamene zovala zinali pachingwe.

"Oyera," anatero. "Ngati... dontho... m'ndowa. Libwerere... pang'ono." Kenako anakweza chala cha dzanja lamanzere. "Musa... muuze. Ndi... muuza... ndekha."

Tsiku lotsatira Mayi Magalasi anapempha sipika yakale kwa wokonza mawailesi. Atafika nayo kunyumba, amuna awo asanaweruke, anaiika patebulo, anapepesa mumtima, n'kuibaya ndi pensulo katatu. Analumikiza gitala n'kukoka nsambo yaikulu ija. Chimene chinatuluka chinawaimitsa tsitsi. Pansi panali bata, pamwamba nsalu inkang'ambika. Atakhudza pang'ono, mawu anali aulemu. Atakoka mwamphamvu, mwano unabwera.

Akanatha kungopereka sipikayo, koma ankadziwa kuti pepala lobooka silichedwa kung'ambikiratu, ndipo chinsinsi chikanaululika nthawi isanakwane. Anaibisa m'kabati pansi pa mabulangete. Akapeza mpata ankaitulutsa, kumvetsera, kuibweza, kenako n'kufunafuna mawu omwewo m'tizipangizo tawo. Anapeza kuti ulendo wonsewu ankalakwitsa posankha zabwino zokhazokha. Kambewu ka miyendo itatu kamene anakataya kale poti n'kofooka ndi kamene kanayamba kuyandikira. Anachepetsa mphamvu ya magetsi mpaka kabokosi kanakhala ngati kali ndi batire yotsala pang'ono kutha. Anasintha kambewu kamodzi kasanu ndi kawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi kumene ntchito yawo ya magalasi inawaphunzitsa.

Loweruka lachitatu anaika kabokosiko pansi pabalaza. Kanali kosapaka penti, kopanda dzina, ka chopotokolera chimodzi.

"Si ndinati muzisiye?" anatero a Lumo.

"Munatero. Pondani."

A Lumo anaponda, anamenya nsambo zonse kamodzi, ndipo dzanja linaima m'malere. Anadikira mpaka mawu anazimiririka. Anamenyanso, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu. Anayamba kanyimbo kena kamene mkazi wawo anali asanakamvepo, kakale, kodumphadumpha, n'kukalekeza pakati.

"Ndikuona miyendo ya tebulo," anatero motsitsa mawu. "Ndi mapazi awo akugunda pansi." Anatembenukira kwa mkazi wawo. "Mwazitenga kuti zimenezi, mayi?"

"Ndafufuza."

"Mawa tipite kwa Achimwene. Akamve."

Lamulungu masana anakwera basi, a Lumo atanyamula gitala ndi sipika yawo, Mayi Magalasi atakumbatira chikwama chimene chinkaoneka cholemera kuposa kabokosi kamodzi. Atafika, a Lumo anayamba ndi ntchito yawo yanthawi zonse. Anakulunga mkulu wawo thaulo m'khosi, anawameta tsitsi, anawapala ndevu mosamala, akukoka khungu la tsaya lakufa lija ndi zala ziwiri. Anachedwa dala. Ometa amene ankalankhula tsiku lonse osapuma, lero mawu anali atawathawa.

"Achimwene," anatero pomaliza, akusasa thaulo, "alamu anu apanga kanthu. Mukapanda kukakonda munene, tisiya pomwepo."

Achimwene anangogwedeza mutu, nkhope ili gwa ngati woweruza milandu. Mlongo uja anaima pakhomo la kukhitchini, akudziluma mlomo.

A Lumo anaimba kanyimbo kodumphadumpha kaja, ulendo uno mpaka kumapeto. Gitala inabangula m'kachipindako mpaka makapu anagwedera m'kabati. Atatha anayang'ana mkulu wawo ngati mwana wasukulu wodikira zotsatira za mayeso.

"Ndi... omwewo," anatero Achimwene.

A Lumo nkhope inawala.

"Oipa... ngati... kale."

"Oipa?"

"Khala... pansi. Ndi... kuuze."

Anatenga nthawi, ndipo mlongo wawo ulendo uno sanawathandize. Anawasiya kuti anene okha za kamunthu ka m'sipika, za mpweya, za mabowo atatu. A Lumo anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ine? Bodza limenelo!"

"Pensuloyo inali yanga," anatero mlongo uja. "Ndinaifuna sabata yonse. Ndinakaipeza m'kati mwa sipika."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuuza makasitomala kuti mkulu wanga anali ndi chinsinsi cha gitala chimene palibe anachitulukira..."

"Chinsinsi... ndiwe," anatero Achimwene.

Anaseka onse, a Lumo kuposa ena, akudzimenya pantchafu. Koma kuseka kwawo kunatha msanga. A Lumo anapotokola thaulo m'manja.

"Chaka chija munkaimbira kuseri kwa nyumba, mvula ikukunyowetsani. Ine ndinkayesa mumakonda panja." Anayang'ana pansi. "Bwanji simunanene kuti ndine?"

Achimwene anatambasula dzanja lamanzere n'kuligoneka pamutu wa dazi wa mng'ono wawo, munthu wa zidzukulu ziwiri.

"Unali... kamwana. Unkafuna... kupulumutsa... munthu."

A Lumo anakwirira nkhope m'thaulo, tsitsi lometedwa lili momwemo. Mayi Magalasi anawasiya pang'ono, kenako anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kabokosi kachiwiri. Aka kanali kotambalala, kolemera kuti kasathawe pansi, ndipo pamwamba pake anali atamangapo kathabwa kosalala kuti phazi lisasowe popondera. Anagwada, anakalumikiza, n'kukakankhira pafupi ndi phazi lamanzere la Achimwene.

"Aka n'kanu, alamu. Awa aziimba, inu muziponda."

"Kameneka munakapanga liti?" anafunsa a Lumo, maso ali psuu.

"Muli kubabashopu, mukunamiza anthu za chinsinsi. Zimitsani mkango wanuwo, muimbe yofatsa."

A Lumo anayamba nyimbo yapang'onopang'ono. Achimwene anayang'ana kabokosiko, anasuntha phazi, anaphonya, anayesanso. Thabwa linati khethe. Mawu anatuluka oyera, lililonse likugwa lokha n'kubwerera kamodzi, kenako kachiwiri chapatali. Achimwene anatseka maso. Anachotsa phazi, mawu anauma. Anapondanso pamene nyimbo inkakwera, ndipo anapondera pamalo pake penipeni, pamene woimba weniweni akanapondera. Mlongo uja anabwerera kukhitchini mwakachetechete, ndipo anakhalako nthawi yaitali ngakhale kuti pamoto panalibe kanthu.

"Uku... thamangira... kuti?" anatero Achimwene, maso ali chitsekere. "Bwerera. Chala... chachitatu."

"Ndimaimba chonchi zaka zonsezi, Achimwene."

"Zaka... zonsezi... ukulakwa."

Anabwereza kanayi. Kachisanu silipasi ya Achimwene inaterereka pathabwa n'kuvuka, ndipo mawu anaduka pakati. Anaiyang'ana mokwiya n'kuitana mlongo wawo.

"Nsapato."

"Nsapato zanji?"

"Zanga. Zakuda. Ya... kumanzere... yokha."

Chidwalireni Achimwene anali asanavalepo nsapato. Mlongo uja analowa kuchipinda, anagwada n'kufufuza pansi pa bedi, n'kubwera nayo yotuwa ndi fumbi, kangaude atamanga m'kati. A Lumo anaika gitala pambali, anaikutumula, anaipaka polishi, anaipukuta mpaka inawala, kenako anagwada n'kuveka mkulu wawo, n'kumanga zingwe mfundo ziwiri.

Achimwene anagunda pansi kawiri kuti aimve. Anaika phazi pathabwa, n'kutembenukira kwa Mayi Magalasi.

"Alamu. Kubwerera... kwachiwiri... kwatalika. Mu... chepetse."

Mayi Magalasi anatulutsa envulopu m'chikwama n'kulemba. Anafunsa kuti achepetse motani, ndipo Achimwene anawaonetsa ndi zala ziwiri kampata kochepa. Kenako anakodola mng'ono wawo ndi chibwano kuti atenge gitala, ndipo anayambiranso poyamba.